Ndime ya Anthu Ena Onse

M'tauni yathu, chaka chilichonse pa 17 Seputembala, timawerenga malamulo aakulu a dziko pamasitepe a khoti, kuyambira mawu oyamba mpaka omaliza. Buku lake ndi limodzi, lachikuto chachikopa chimene chinasupuka kale m'makona. Munthu amawerenga ndime yake, akatha n'kupereka bukulo m'manja mwa womutsatira. Kuliika patebulo n'kulakwa. Ndime sitichitira maere. Iliyonse ili ndi mwini wake, ndipo mwiniwakeyo akatsikira kuli chete imatsala ndi mwana wake, monga imatsalira mfuti ya abambo kapena poto wachitsulo wa amayi. A kwa Yowell ali ndi ndime ya misonkho, ndipo kuyambira kale amaiwerenga ndi nkhope ya pamaliro.

Ine ndine Ozell Brockett. Ndinkayenda ndi makalata m'tauni muno mpaka mawondo anandikana. Ndime yanga ili chakumayambiriro, pamene akunena za kawerengedwe ka anthu pogawa mipando ya kunyumba ya malamulo. Imati muziwerenga mfulu zonse, eni nthaka oyambirira osakhoma msonkho muwasiye, kenako muwonjezepo magawo atatu mwa asanu a anthu ena onse. Mawu oti kapolo mulibemo. Olembawo anali anthu aulemu wawo, sakanadetsa pepala. Anangoti "anthu ena onse," ndipo anthu ena onsewo ndife.

Pambali pa masitepewo pali chiboliboli cha James Madison, mutu ndi mapewa basi, amene amati ndiye tate wa malamulowo. Kwawo si kutali ndi kuno. Agogo a agogo anga ankalima fodya m'munda mwake, ndipo iye anamwalira asanawamasule. Manda awo ali m'nkhalango, miyala wamba yopanda dzina, moti ukapitako sudziwa kuti ulire pati.

Amene anabweretsa ndimeyi pabanja pathu ndi amayi anga. Chaka chimene anasakaniza ana akuda ndi oyera m'sukulu, komiti ya mwambowu inaona kuti manyazi achuluka, pakufunika munthu wakuda mmodzi pamasitepe. Ndime yopanda mwini inali yomweyi, chifukwa aliyense ankaithawa. Kaya anawapatsa mosaganiza, kaya mwadala kuti akane okha, sindidziwa. Amayi anavala chipewa chawo cha kutchalitchi, nawerenga mosathamanga, ndipo atafika pa "anthu ena onse" anakweza maso n'kuyang'ana anthu mmodzimmodzi, mpaka ena anayamba kufunafuna zinthu m'matumba. Pobwerera kunyumba ndinawafunsa chifukwa chimene anavomerera chipongwe chotero.

"Ozell, pamanda a agogo ako palibe cholembedwa," anatero. "Pepala lija ndi lokhalo linawawerenga. Linawawerenga molakwa, koma linawawerenga. Ndiye akamafika pamenepo, pazikhala wachibale."

Iwo atamwalira, wachibaleyo ndinakhala ine.

Ndime ya pamwamba pa yanga, yonena za zaka zimene munthu ayenera kukwanitsa kuti akhale phungu, ndi ya Harlan Sisk. Harlan ndi mzungu, makaniko, ndipo masiku amenewo manja ake ankada kuposa anga. Kuyambira tsitsi lathu lili lakuda mpaka linachita imvi, iye ndiye ankandipatsira buku. Popereka ankanong'ona kuti, "Tenga, usatigonetse." Ine ndinkayankha kuti, "Wasiya girisi pa Madison." Mwambo ukatha tinkapita kukadya nyama yootcha kuseri kwa siteshoni ya sitima, iye ndi Glenda wake, ine ndi Vernice wanga.

Kenako kunabwera chisankho china chija, chimene aliyense anazika chikwangwani cha chipani chake pakapinga pake. Harlan anazika chake, ine changa. Tsiku lina ndili kugalaja kwake nkhani tinaiyamba ngati nthabwala. Iye anati malamulo aakulu azimveka monga anawamvera amene anawalemba. Ine ndinati olembawo akanandipeza pamzere wovota akanaitana agalu. Anati ine ndimaona khungu paliponse. Ndinati iye saliona chifukwa silinamupwetekepo. Galimoto yanga ndinaitulutsa m'galajamo isanathe kukonzedwa, ikutsokomola msewu wonse. Kuyambira pamenepo buku ankandipatsa akuyang'ana kumbali. Vernice atamwalira, Glenda anatumiza nyemba zophika m'mbale yovundikira, koma Harlan kumaliro sanaoneke. Mbaleyo ikadali pamwamba pa kabati yanga.

Chaka chathachi tauni inang'ambika pakati chifukwa cha sukulu yathu ya sekondale, imene imatchedwa ndi dzina la Madison. Ena akuti dzina la munthu wosunga akapolo lichoke pachipata cha ana. Ena akuti likachoka limenelo, mawa adzatsitsanso mbendera. Kumisonkhano aliyense amabwera ndi kabuku ka malamulo m'thumba la malaya, n'kumakagwedeza m'mwamba ngati akukupiza mphepo m'tchalitchi. Wokonda mfuti akuti Madison ali mbali yake. Wodana ndi mfuti akuti Madison ali mbali yake. Mwiniwake ali phee pamwala pake, nkhunda zikuchita zawo pamutu.

Ine sindinapite kumisonkhanoyo. Vernice atapita, mkangano unasiya kundikomera, chifukwa kukoma kwa mkangano n'kukhala ndi munthu wokamufotokozera kunyumba.

Mu Ogasiti kunabwera Darlene Estes, wapampando wa komiti, atanyamula keke ya mapichesi. Ndi mayi wabwino, amagulitsa inshulansi, ndipo amamwetulira ngakhale pokuuza kuti denga lako sangalipire.

"Bambo Brockett, ndabwera ndi nkhani yabwino," anatero ali pakhomo.

"Nkhani yabwino siyenda ndi keke, Mayi Estes. Lowani."

Anakhala pampando wa Vernice. Sanadziwe, ndipo sindinawauze.

"Komiti yagwirizana," anayamba. "Onse, mbali zonse ziwiri. Mukuwadziwa anthu aja, sagwirizana ngakhale za nthawi yoyambira msonkhano."

"Agwirizana chiyani?"

"Chaka chino tiwerenga malamulo monga alili lero. Ndime zimene zinathetsedwa ndi zosintha za pambuyo pake tizizidumpha. Zinafa kale zija, bambo. Yanu ija inafa nkhondo yothetsa ukapolo itangotha."

"Kumaliro kwake munapita?"

Anaseka pang'ono, kenako anaona kuti ine sindikuseka. Anafotokoza bwinobwino. A mbali iyi akuti ndimeyo imanyozetsa makolo a dziko pamaso pa ana asukulu, ndipo ndi imene ikukolezera moto wa dzina lija. A mbali inayo akuti n'zomvetsa chisoni kuti bambo wachikulire wakuda aziimirira pagulu kuwerenga kuti si munthu wathunthu. Atamva kuti onse akufuna chinthu chimodzi, akuti m'chipindamo munagwa bata, mpaka ena anagwirana chanza.

"Nanga anandifunsa ndani?"

"N'chifukwa chake ndabwera. Tikufuna mudzatsegule mwambo wonse. Mawu oyambirira aja, akuti 'Ife anthu.' A Meya avomera kukusiyirani."

"Ndime ya a Meya ili ndi mwini wake. Ine ndili ndi yanga."

"Koma ndi ulemu umenewu, Bambo Brockett."

"Mukandichotsa pamanda a agogo anga n'kukandikhazika pagome la alendo olemekezeka, ndiye ulemu umenewo?"

Mayiyo anavula magalasi n'kutikita maso. Kumwetulira kuja kunachoka, ndipo ndinaona kuti ndi munthu wotopa. "Ine ndikungofuna tsiku limodzi lopanda kutukwanana," anatero. "Limodzi lokha. Anthu asiya kundipatsa moni m'sitolo, a uku ndi a uko omwe."

Ndinawamvera chisoni, koma chisoni si chilolezo. Ndinawauza kuti mawu a a Meya sindiwerenga. Akunyamuka ndinafunsa, ngati kuti zilibe ntchito, kuti Harlan wati chiyani.

"Simunamve? Bambo Sisk mutu wayamba kuwasokonekera. Mwezi watha anawapeza m'mamawa atakhala pakhomo la galaja, akudikira makasitomala. Galaja anaitseka kale ija. Glenda wapempha kuti tiwalole awerenge komaliza chaka chino."

Amati njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu. Palibe anandiuza kuti zikagwirizana zimagona pa udzu womwewo. Keke ija ndinadya chidutswa chimodzi, yotsalayo inachita nkhungu m'firiji.

Lamlungu lotsatira ndinamuimbira Corliss, mwana wanga mmodzi yekhayo. Amaphunzitsa kumzinda wa Richmond. Ndinkaganiza kuti apsa mtima, ndipo kunena zoona ndinkafuna kuti apse mtima, kuti tikhale awiri.

"Adadi, ndinene zoona?" anatero atamva zonse. "Ine ndasangalala."

"Wasangalala."

"Ndili mwana ndinkakhala pamipando ija n'kumamva bambo anga akulengeza pa chimkuzamawu kuti ndife anthu osakwanira. Mawa lake anyamata kusukulu ankandifunsa kuti magawo awiri enawo ndawasiya kuti. Chaka chilichonse, adadi."

Zimenezo sindinkazidziwa. Sanandiuzepo, ndipo Vernice, ngati ankadziwa, anapita nazo. 

"Ndimati ine ndikapita, ndimeyi idzakhala yako," ndinatero.

"Sindikuifuna. Ndinakuuzani kale. Agogo anachita zawo pa nthawi yawo, ndipo ndimawalemekeza. Ine ndikufuna dzina la munthu uja lichoke pasukulu, osati ndizikamuwerengera zolemba zake atandiimika padzuwa."

"Agogo ako sankawerengera iye."

"Ndikudziwa, adadi. Koma anthu okhala pamipando aja sadziwa zimenezo."

"Ubwera pa 17?"

"Ndi m'kati mwa sabata, ndili ndi makalasi. Mankhwala aja mukumwa?"

Ndinati ndikumwa. Mwana wanga si wopusa, ndipo sindinganene kuti ankalakwa. N'zimene zinandipweteka kwambiri. Akanakhala wolakwa ndikanangomukalipira, mtima n'kukhala pansi.

Kale tsiku la mwambo likamayandikira ndinkayeserera ndime yanga kukhitchini, Vernice akusenda mbatata. Mawu ndimawadziwa pamtima, koma iye ankamvetsera liwiro. "Wathamanga," ankatero osatembenuka. "Amayi ako sankathamanga." Chaka chimenechi ndinalibe choyeserera, komabe ndinkangopezeka ndaima pafupi ndi sinki, pakamwa pakuyenda pokha. Ndinali ndekha m'nyumba, ndekha m'tauni, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinadzifunsa ngati zaka zonsezi ndinkaimirira agogo anga kapena ndinkangozunza mwana wanga.

Tsikulo litafika ndinavala suti. Sindinadziwe kuti ndikuvalira chiyani, koma thupi linazolowera. Pamzere wa owerenga sindinapiteko. Ndinakakhala pakakhoma kakafupi ka tsidya la msewu, pansi pa mtengo, pamene ndinkatha kuona masitepe ndi mutu wa Madison cham'mbali.

Mipando yopinda anaiyala yambiri, koma anthu sanafike theka. Amene anabwerawo anakhala magulu awiri, pakati n'kusiya mpata woti mutha kudutsa thirakitala. Galimoto ya apolisi inaima pakona, wapolisi akudya chakudya chake m'katimo. A Meya anawerenga "Ife anthu" ndi mawu awo a pamaliro a anthu olemera. Palibe amene anayang'ana tsidya la msewu.

Ndipo ndinamuona Harlan pamzere. Suti inamukulira, khosi linatsala laling'ono m'kolala. Glenda anamugwira pachigongono. Buku litamufika analilandira ndi manja awiri, n'kuika chala pamzere woyamba. Anawerenga bwino, osaphonya liwu, ndi mawu omwe aja okalipa ngati akuuza munthu kuti injini yafa.

Atamaliza anatembenukira kumanzere, monga ankachitira zaka zonse. Anapeza pataima Mayi Fincham a kusitolo ya mankhwala, mwini wa ndime yotsatira yanga, atatambasula manja. Harlan anawayang'ana kumaso, kenako anakumbatira buku pachifuwa.

"Si inu," anatero. Maikolofoni inali pafupi, mawuwo anamveka mpaka pamene ndinali.

"Harlan, apatse mayiwa," Glenda anamunyengerera. "Tinakambirana kunyumba, wakumbukira?"

"Si nthawi yawo. Ozell ali kuti? Wachedwanso? Munthu wa makalata ameneyu sanafikepo pa nthawi yake."

Ena anaseka, osadziwa ngati n'koyenera kuseka. Mayi Estes anakwera masitepe mofulumira, namunong'oneza kanthu m'khutu, dzanja lawo lili pachikuto cha buku. Harlan anapukusa mutu ngati mwana amene akufuna kumulanda chidole.

"Mayi, buku ili saika pansi, ndipo salumphitsa munthu. Ndikupatsa Ozell, Ozell apatsa awa. Mwayamba liti inu?"

Anayang'anayang'ana m'mipando, naitana dzina langa. Anaitananso kachiwiri, ngati munthu amene wasochera pamsika.

Ndinaimirira. Msewu wathu ndi waung'ono, koma ndi mawondo angawa unatalika. Anthu anatembenuka onse, a kumanja ndi a kumanzere. Masitepe ndinakwera limodzilimodzi nditagwira chitsulo cham'mbali. Mayi Estes anandiyang'ana, anayang'ana Harlan, kenako anachotsa dzanja pabuku n'kubwerera m'mbuyo. 

Harlan atandiona nkhope yake inamasuka. Anandiyang'ana m'maso, chinthu chimene sanachite kuyambira tsiku la kugalaja lija.

"Tenga," ananong'ona. "Usatigonetse."

"Wasiya girisi pa Madison," ndinayankha.

Koma manja amene anandipatsa bukuwo anali oyera mbee, ofewa, zikhadabo zowengedwa bwino ndi munthu wina. 

Ndinawerenga. Sindinathamange. Nditafika pa "anthu ena onse" ndinakweza maso monga ankachitira amayi. Bambo wina wa mbali ya kumanja anali ataimirira kale, akupita kugalimoto yake. Mayi wina wa mbali ya kumanzere ankapukuta misozi, ndipo zimenezo zinandikwiyitsa kuposa bambo uja, chifukwa ankalirira ine, osati iwo amene ndinkawawerenga. Ana asukulu ankayang'ana mafoni. Ndinayenda ndi maso mzere ndi mzere, ndipo panalibe nkhope ya kwathu ngakhale imodzi. Ndinamaliza ndime, n'kupereka buku m'manja mwa Mayi Fincham.

Mwambo unapitirira mpaka kumapeto popanda wotukwana. Tikutsika, Mayi Estes anandigwira pamkono. "Za chaka chamawa tidzakambirana, Bambo Brockett," anatero mofatsa. Tonse tinkadziwa kuti palibe chodzakambirana. Komiti inali itagamula kale, ndipo munthu yekhayo m'tauni yonse amene ankadziwa kuti ikatha ndime yake imabwera yanga anali munthu wosadziwa chaka chimene tili.

Ndinawapeza pansi pa masitepe, pafupi ndi chiboliboli. Glenda ankamumanga Harlan batani la jekete.

"Pepani, Ozell," anatero Glenda motsitsa mawu. "Ndinamuuza kambirimbiri. Sizikhala m'mutu."

"Palibe chopepesa."

"Chaka chamawa sadzatha. Adokotala anena kale."

Harlan sankamva zimenezo. Ankasisita m'mimba, akuyang'ana cha kusiteshoni ya sitima. Malo a nyama yootcha aja anatsekedwa kale, pano amagulitsapo mafoni.

"Tiyeni tikadye, njala yandipha," anatero. Kenako anasuzumira kumbuyo kwanga. "Vernice ali kuti?"

Glenda anayang'ana pansi. Ine ndinayang'ana mnzanga uja, amene ndinamusungira mawu okonzeka bwino kuyambira tsiku la maliro, oti ndidzamuuze tikadzakumana maso ndi maso. Mawuwo analipo, koma womuuza panalibe.

"Watsala kunyumba lero," ndinatero.

"Ukamupatse moni. Ndipo iwe, galimoto ija ubwere nayo mawa. Unaitenga ndisanamalize."

"Ndibwera nayo."

Glenda anamutsogolera kugalimoto yawo. Ndinaima mpaka anakhota pakona, kenako ndinayamba ulendo wa kunyumba, wapansi, kudutsa makomo amene ndinkaponyamo makalata. Dzuwa linali likadali pamutu. Anthu ankapinda mipando kumbuyo kwanga.

Nditafika ndinakoleka jekete kuseri kwa chitseko, n'kulowa kukhitchini. Moni wa munthu sasunga, amapereka.

"Vernice, Harlan akuti moni," ndinatero. "Ndime ija ndawerenga. Sindinathamange."

Ndinaima pomwepo kanthawi, manja ali patsogolo, monga amaimira munthu amene wamaliza ndime yake akudikira wolandira buku. Firiji yokha ndiyo inkalira.